Pepala la ECG la abambo anga lalembedwa P pulmonale, tiyembekezere chiyani?

NaPhiri wa ku Chamama

Moni nonse. Ndimakonda kungowerenga pano osalembapo kanthu, koma lero yandikulira. Ndikupempha amene mumadziwa za chipatala mundiyankhe mosapsatira, chifukwa kunyumba kuno aliyense akuyang'ana ine, pomwe ine ndilibe choti ndiwauze.

Abambo anga ali ndi zaka 68, ndipo moyo wawo wonse wathera mu fodya. Anayamba ali mnyamata pa esiteti ina cha ku Mtunthama, ntchito yawo inali yosonkhezera moto m'mabalani a fodya wa fuluu, kuchezera usiku wonse pakamwa pa ng'anjo. Atapeza malo awoawo kuno ku Chamama anayamba kulima bale. Amene munakulira ku Kasungu mukulidziwa fumbi la m'chigafa nthawi yosankha fodya ndi kudinda mabelo, lija limalowa mpaka kukhosi, ukamalavula n'kumatuluka zakuda. Kusutanso ankasuta wopichira. Anasiya mu 2016 atadwala TB. Mankhwala anamwa miyezi 6 yonse osadumphitsa, gadiyani wawo ndinali ine, ndipo anawauza kuti achira. Koma chifuwa sichinawachoke.

Befu linayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankangopumira panjira pochokera kudimba, ife n'kumati ndi ukalamba. Chaka chatha anasiya kupalasa njinga. Pano kungochoka pakhonde kupita kubafa amaima kaye atagwira nkhokwe, mapewa akukwera ndi kutsika, ukawafunsa kanthu amayankha ndi dzanja. Kuyambira nyengo yozizira ija miyendo inayamba kutupa, moti patapata sakulowanso. Ukadina ndi chala pamwamba pa kakolo pamatsala kadzenje kosabwerera msanga. Usiku sagona chagada, amatsamira thumba la madeya lomwe tinawaikira kukhoma.

Mwezi watha zinafika poipa, milomo inachita kuda, tinathamangira nawo kuchipatala ndipo anagonekedwa. Anawaika pa okosijeni, anawabaya jakisoni wokodzetsa, ndipo tsiku lina anabwera ndi makina a ECG, kuwamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo. Pepala lake ndili nalo pano, lofiirira, la timabokosi ting'onoting'ono. Pamwamba palembedwa izi: HR 112, sinus tachycardia, P pulmonale, right axis deviation, incomplete RBBB, low voltage, kenako mawu akuluakulu akuti ABNORMAL ECG. M'buku lawo la kuchipatala adokotala analemba COPD, post-TB lung disease ndi cor pulmonale. Nditafunsa anangoti mapapo autopetsa mtima, n'kupitirira pa bedi lina. Sindikuwaimba mlandu, wodi inali itadzaza mpaka ena kugona pansi.

Usiku womwewo ndinalemba mawu amenewa pa Google, ndipo zomwe ndinaona zandisowetsa tulo mpaka lero. Paliponse akungonena kuti odwala mapapo amene ECG yawo yaonetsa zimenezi sakhalitsa.

Pakhomo pano aliyense ali ndi maganizo ake. Azakhali akuti ndi tsempho, poti munthu akutsokomola komanso kutupa, ndipo akufuna tipite nawo kwa munthu wina cha ku Wimbe. Achimwene ali ku Joni, akundifunsa pa WhatsApp ngati abwere pompano kapena adikire Disembala monga amachitira, poti akachoka pakati pa chaka ntchito ikhoza kuwathera. Amayi akuti tigulitse ng'ombe ziwiri za pangolo tigule makina a okosijeni oika pakhomo. Eni akewo za matenda sakufunsa, akungofunsa ngati mbewu ya mtedza tasunga pabwino.

Ndiye ndithandizeni. Pepalali likunena chiyani kwenikweni? Lingathe kusonyeza kuti atsala ndi nthawi yaitali bwanji? Achimwene ndiwaitane? Ng'ombezo tigulitse?

Mwale wa ku Santhe

Pepani kwambiri achemwali. Ine si wachipatala, koma chimodzi chokha ndikuchidziwa: mawu akuti ABNORMAL ECG aja amalemba ndi makina, osati dokotala. Ine pondiyeza polowa ntchito makina analembanso zomwezo, adokotala atayang'ana mizere ndi maso awo anati palibe vuto. Sindikunena kuti abambo ali bwino, zomwe mwafotokozazi ndi matenda ndithu, koma mawu awiriwo asakulandeni tulo.

Pemphani kuchipatala kwanuko akulembereni kalata yopita ku Central ku Lilongwe akawaunike mtima ndi sikani ija amati echo. Za ku Wimbe musakangane nawo azakhali, nawonso ndi mlongo wawo akuwadera nkhawa. Koma zakumwa zilizonse zochokera kumeneko musalole, munthu wotupa kale impso zake sizifuna kuyesedwa.

Wachipatala ku Mchinji

Mayi NaPhiri, zikomo polemba zonse monga zilili pa pepalapo. Ndine clinical officer kuno ku Mchinji, ndipo odwala ngati abambo anu timawaona kawirikawiri: amene anadwalapo TB, osuta, ogwira ntchito m'fumbi ndi mu utsi, komanso amayi amene aphikira m'khitchini yopanda windo moyo wawo wonse. Abambo anu sindinawaone, choncho mawu anga asalowe m'malo mwa adokotala amene akuwagwira. Koma pepalalo ndikhoza kukuwerengerani.

Mtima uli ndi mbali ziwiri. Ya kumanzere imakankha magazi kupita thupi lonse, ndipo minofu yake ndi yochindikala. Ya kumanja ntchito yake ndi kutumiza magazi ku mapapo kukatenga okosijeni basi, ndipo khoma lake ndi lopyapyala, poti kwa munthu wathanzi njira ya ku mapapo ndi yosavuta. Mapapo akawonongeka ndi utsi komanso zipsera za TB, timitsempha tambiri ta m'menemo timafa, ndipo totsalato timafinyika tikamasowa okosijeni. Zili ngati pampu yopondaponda ya kudimba paipi ikapindika: umaponda mwamphamvu, madzi otuluka ndi ochepa, mapeto ake wopondayo amatopa. Mbali ya kumanja imayamba yakula kaye pofuna kulimbana nazo, kenako imafooka. Magazi amadzadza m'mitsempha yobwerera ku mtima, ndiye miyendo imatupa, chiwindi chimakula n'kumapweteka pansi pa nthiti za kumanja, mitsempha ya m'khosi imaonekera. Imeneyo ndiye cor pulmonale yalembedwa m'bukumo.

ECG siyeza mphamvu ya mtima, siyezanso mapapo. Imajambula magetsi a mtima kwa masekondi 10 okha. Tengani pepalalo muyang'ane mzere wolembedwa II. Pa kugunda kulikonse muona kaphiri kakang'ono koyambirira, mzere wautali wosongoka usanabwere. Kaphiri kameneko ndi P, ndipo kamachokera m'zipinda zam'mwamba za mtima. Kakatalika kupitirira timabokosi ting'onoting'ono tiwiri ndi theka, n'kukhala kosongoka, timati P pulmonale, chizindikiro choti chipinda cham'mwamba cha kumanja chikupanikizika. Right axis deviation ikunena kuti magetsi ambiri akulowera kumanja, mwina chifukwa mbali imeneyo yakula, mwinanso chifukwa mapapo odzadza mpweya wotsekeredwa asuntha mtima n'kuuimika chilili. Mpweya womwewo ukakhala pakati pa mtima ndi timawaya tija, mizere imatuluka yaifupi, ndiye low voltage. Incomplete RBBB ndi kuchedwa pang'ono kwa magetsi pofika kumanja, ndipo iyo payokha imapezeka ngakhale mwa anthu athanzi.

Pa 112 paja mtima unkathamanga, poti munthu wamkulu atakhala phee umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Koma mawu akuti sinus akusonyeza kuti kugundako kukuchokera pamalo pake, mwadongosolo. Munthu wobanika, wotentha thupi, amene wangopopera kumene salbutamol, mankhwala a mu inhela otsegula chifuwa, mtima umathamanga choncho. Chandilimbitsa mtima pang'ono n'chakuti sipanalembedwe atrial fibrillation, kugunda kosokonekera kumene kumakonda odwala mapapo ndipo kumaika munthu pachiopsezo cha sitiroko.

Tsopano funso lanu lenileni. Zomwe munawerenga si bodza. Kafukufuku wa ku Italy wosindikizidwa mu 1999 anatsatira odwala COPD, matenda okhalitsa a mapapo amene amatsekereza mpweya, kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti amene ECG yawo inkaonetsa kupanikizika kwa mbali ya kumanja ankamwalira msanga kuposa anzawo. Ineyo kutupa kwa miyendoko kukundiuza zambiri kuposa pepalalo. Matenda a abambo afika patali, ndipo mapapo owonongeka sabwerera mwakale. Sindikubisirani.

Koma kafukufuku wotere amanena za gulu la anthu, sawerenga masiku a munthu m'modzi. Kuonjezera apo, pepala lanulo linajambulidwa iwo ali pachimake pa kudwala. Kaphiri ka P kaja kamatha kufupika munthu akapeza bwino, okosijeni atakwera. Pemphani adzajambulenso ali bwinoko, mudzayerekeze mapepala awiriwo. Ife tikafuna kudziwa komwe wodwala akulowera timayang'ana zinthu zina: okosijeni wawo ali pati pamene sakudwala mwakayakaya, agonekedwa kangati pa chaka, akuonda kapena ayi, angayende mtunda wotani mu mphindi 6, komanso zotsatira za spirometry, kuyeza kuja munthu amauzira mpweya mwamphamvu m'kapaipi. Wogonekedwa pafupipafupi, woonda, wosatha kuchoka pa mkeka, ameneyo timada naye nkhawa kwambiri ngakhale ECG yake itaoneka bwino.

Za okosijeni ndikupatseni manambala enieni. Ku Britain mu 1981 anasindikiza zotsatira za odwala 87, onse osakwana zaka 70, a mapapo owonongeka kwambiri, okosijeni wotsika, ndipo anali atadwalapo kale kufooka kwa mtima. Odwala 42 anapatsidwa okosijeni maola osachepera 15 tsiku lililonse, 45 sanapatsidwe. Patatha zaka 5, mwa 42 aja anali atamwalira 19, mwa 45 aja anali atamwalira 30. Manambalawa ndi olemera, koma muonenso kuti panali anthu ambiri amene anadutsa zaka zisanuzo ali moyo, ngakhale ena mwa osalandira okosijeni.

Vuto ndi lakuti okosijeni wa pakhomo amatalikitsa moyo makamaka kwa amene mlingo wa okosijeni m'magazi mwawo uli pa 88 peresenti kapena kutsikirapo, atakhala pansi, pa nthawi imene matenda akhazikika. Kafukufuku wa ku America wa mu 2016 anayesa odwala amene anali pakati pa 89 ndi 93, ndipo sanapeze phindu. Choncho ng'ombe zisagulitsidwe musanadziwe nambala imeneyi. Pakapita milungu ingapo chitulukireni m'chipatala, awayeze ndi kachipangizo kopana chala kaja, atapumula, asanavale okosijeni. Ndipo akakhala pa okosijeni kulikonse, wodwala COPD timamusunga pakati pa 88 ndi 92. Magadiyani ena amakweza okha poona wodwala akubanika, koma wochuluka amatha kuunjikitsa mpweya woipa m'magazi, munthu n'kuyamba kusinza mpaka kukomoka.

Mankhwala nawo muwayang'anire, chifukwa ena amakhudza kagundidwe ka mtima. Furosemide, wokodzetsa uja, amatulutsa potaziyamu m'thupi, salbutamol amamutsitsanso, ndipo potaziyamu akachepa mtima umasokonekera. N'chifukwa chake pamafunika kuyeza magazi nthawi ndi nthawi. Aminophylline, winanso wotsegula chifuwa, akachuluka amathamangitsa mtima. Erythromycin, azithromycin ndi ciprofloxacin amatalikitsa gawo lina la ECG lotchedwa QT, choncho asamagulidwe pa okala kapena pamsika chifuwa chikavuta. Brufen ndi diclofenac amasunga madzi m'thupi, kwa munthu wotupa ndi osayenera. Pemphaninso ayezenso makhololo pa GeneXpert, chifukwa TB imatha kubweranso mwa munthu amene anachira.

Musadikire tsiku la kiliniki mukaona milomo yada, akusokonezeka mutu kapena kusinza modabwitsa, akomoka, akumva kupweteka pachifuwa, akutsokomola magazi, kapena makhololo asintha mtundu thupi likutentha. Pamenepo ndi kuthamanga nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Za achimwene, m'zomwe mwalemba sindikuona chizindikiro choti kwatsala masiku owerengeka. Koma matendawa satsika mofanana tsiku ndi tsiku. Munthu amakhala bwinoko miyezi, kenako chibayo chimodzi chimasintha zonse mkati mwa sabata. Auzeni zimenezi momwe ndanenera, asankhe akudziwa.

Mayi a Tadala, Kamwendo

Achemwali, ndawerenga ndi misozi chifukwa njira imeneyi ndinayenda ndi amayi anga. Iwo sanasutepo fodya chibadwire, koma anaphika pa mafuwa m'khitchini yaing'ono kuyambira ali mtsikana, ndiponso ankaphika mowa wa masese wogulitsa. Denga la khitchini ija linali bii, mwaye lendelende. Nawonso anauzidwa kuti mtima wa kumanja wakula, miyendo inatupa, ndipo ine ndinayamba kale kulira maliro mumtima. Koma anakhala nafe zaka zingapo, mpaka anaona chinkhoswe cha mdzukulu wawo. Sizinali zaka zophweka, nyengo yozizira iliyonse tinkagona nawo kuchipatala, koma zinali zaka.

Adokotala a pamwambapa anena za mankhwala, ine ndinene za pakhomo. Choyamba ndi utsi. Inu mwati abambo anasiya kusuta, koma kodi mu Juni ndi Julayi amaothera kuti moto? Ngati ndi m'khitchini, kusutako sikunathe. Ife tinatulutsa mafuwa panja, tinamanga kachisakasa kotsegula mbali zonse, ndipo amayi tinawagulira jekete ndi bulangete m'malo mwa moto. Mbaula ya makala m'chipinda chogona ayi ndithu. Nthawi yotentha tchire ndi yomenya soya tinkawasunthira kumbali kumene mphepo ikuchokera. Posesa pabwalo tinkawaza kaye madzi. Inu muli ndi chigafa pakhomo, chaka chino asalowemo ngakhale kukangoyang'anira.

Inhela anthu ambiri amangopopera mankhwala n'kuthera pa lilime. Anesi ena anatiphunzitsa kuboola kunsi kwa botolo la pulasitiki la theka la lita, kulowetsamo inhela, kupopera kamodzi, ndiye wodwala akoke mpweya pakamwa pa botolo kangapo pang'onopang'ono. Kusiyana kwake tinakuona sabata yomweyo. Anawaphunzitsanso kapumidwe: kukoka mpweya ndi mphuno, kutulutsa pang'onopang'ono milomo ataisongola, ataweramira kutsogolo zigongono zili pa maondo. Befu likawagwira usiku ndinkakhala pafupi n'kumapuma nawo limodzi mpaka mantha atachepa, chifukwa manthawo amaonjezera kubanika.

Kudya n'kovuta kwa munthu wobanika. Nsima yambiri nthawi imodzi imadzadza mimba n'kukankha chifuwa, ndiye amasiya kudya n'kuyamba kuonda. Ife tinkawapatsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala lotsira nsinjiro, dzira, usipa wosakoleza mchere, nthochi, mkaka ukapezeka. Mchere tinachepetsa m'ndiwo za banja lonse kuti asamaone ngati tikuwasala. Sikelo tinalibe, ndiye ndinkamanga kachingwe pa kakolo m'mawa uliwonse n'kuika chizindikiro, kutupa kukamakwera ndinkadziwa msanga. Komanso musawaletse kuyenda. Chikondi chimatipangitsa kumuuza wodwala kuti khalani pansi tikuchitirani zonse, koma miyendo ikafooka befu limakula. Aziyenda pabwalo tsiku lililonse, kuima, kupuma, kuyendanso.

Azakhali musawatsutse pagulu. Tengani iwowo ulendo wina mupite nawo ku kiliniki, akamve okha ndi makutu awo, akaonenso chithunzi cha mapapo. Munthu akaona yekha amafewa kusiyana ndi kuuzidwa ndi mwana.

Koma pali chimodzi chimene ndikufuna ndikuuzeni monga mnzanu. Mwati abambo sakufunsa za matenda. Musaganize kuti sakudziwa. Munthu amene amagona chokhala usiku uliwonse amalidziwa thupi lake kuposa pepala lililonse. Mwina akudikira wina ayambe. Tsiku lina muli awiri afunseni kuti, abambo, inuyo mukuona bwanji, ndipo mukufuna tichite chiyani? Amayi anga nditawafunsa choncho anandiuza zambiri zomwe ankasunga, za munda, za ngongole ina yomwe palibe ankaidziwa, ndiponso kuti sankafuna kudzamwalirira m'wodi. Tinalemekeza zimenezo. Miyezi yomaliza a palliative care a kuchipatala cha boma, aja amasamalira odwala matenda osachiritsika, anatipatsa morphine wamadzi, mlingo wochepa kwambiri, wochepetsa kubanika, ndipo anawathandiza kugona. Kupita kwa anthu amenewa si kutaya wodwala, funsani za iwo msanga.

Achimwene anu ine ndingati abwere abambo akadatha kucheza ndi kuseka, ngakhale kwa sabata imodzi. Apa ndiye ndikulankhula molimba kuposa adokotala.

Banda wa Sola, Kasungu boma

Ine ntchito yanga ndi yoika sola, ndiye ndingothirirapo pa makina a okosijeni, poti anthu angapo anandiitanapo atagula kale. Makina a malita 5 amadya mawati pakati pa 300 ndi 400 nthawi yonse imene ayaka. Kwa maola 15 ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 5 tsiku lililonse. Sola ya pakhomo ija yowunikira ndi kutchajira foni siyingawayendetse ngakhale ola limodzi. Pamafunika mapanelo angapo akuluakulu, invetala yabwino ndi mabatire okwanira usiku wonse, ndipo mtengo wa zimenezi umatha kuposa wa makinawo. Ngati muli pa magetsi a mawaya, ganizirani zoti akazima usiku mudzatani.

Chenjeraninso ndi makina ogwiritsidwa kale ntchito. Mkati mwake muli timasilinda tosefa mpweya timene timatha mphamvu, makamaka kumalo kwa fumbi ndi chinyezi. Makina amalira bwinobwino, botolo la madzi likuchita thovu, koma chotuluka ndi mpweya wamba. Abwino amatulutsa okosijeni wa 90 peresenti kapena kuposa, ndipo pali kachipangizo koyezera zimenezi, wogulitsa akuonetseni musanapereke ndalama. Ndipo pomwe pali okosijeni pasayandikire koloboyi, kandulo, mbaula kapena wosuta.

NaPhiri wa ku Chamama

Ndabweranso, pepani ndachedwa kuyankha. Zikomo nonse, mwandichotsa mumdima. Mayankho anu ndinawawerengera amayi mokweza, ndipo achimwene ndinawatumizira monga alili.

Adokotala a ku Mchinji, ndinatenga pepala lija n'kupeza mzere wa II, kaphiri kaja ndinakaona ndi maso anga, kosongoka, kokwana timabokosi titatu. Sindikudziwa chifukwa chake, koma kukaona kunandikhazika mtima pansi kuposa pamene ndinkangoona mawu a pamwamba aja.

Tsiku la kiliniki linakwana ndipo tinapita, azakhali ali nafe monga Mayi a Tadala munanenera. Ulendo uno ndinalemba mafunso anga papepala, ndipo adokotala amene tinawapeza anakhala nafe pansi. Okosijeni atapumula anali pa 91, mtima ukugunda 94. Atawayendetsa pakhonde la chipatala anatsika kufika 86, atakhala pansi anakweranso. Adokotala anati pakadali pano makina a pakhomo si ofunika, tidzayezanso ulendo wamawa. Ng'ombe zili m'khola. A Banda, amayi atamva za mabatire aja anangoti zikomo kuti tinafunsa kaye. Makhololo anatenga, zotsatira zinabwera kuti TB palibe. Kalata ya ku Central atilembera, tikudikira tsiku. Azakhali anaonetsedwa chithunzi cha mapapo, mbali ya kumtunda kumanja kuli zipsera zoyera zokokana, ndipo anafunsa mafunso ambiri kuposa ine. Za ku Wimbe sananenenso, koma anabwera ndi amayi a mvano kudzapemphera, abambo anakondwa kwambiri.

Mafuwa tatulutsa panja. Apa ndiye panali nkhondo, chifukwa m'mawa uliwonse abambo amakonda kukhala m'khitchini kuotha moto akucheza ndi amayi, ndipo anati tikuwalanda chinthu chokha chomwe chawatsalira. Mawu amenewo anandibaya. Ndiye tawaikira mpando kuseri kwa nyumba kumene dzuwa limayambira, amayi amapita kukakhala nawo konko akusenda mtedza. Botolo lija tinapanga, ndipo akuti mankhwala akuwamva kufika pansi.

Ndinawafunsanso funso lija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati akudziwa kuti chifuwachi sichidzatha, ndipo chomwe akufuna ndi kuona mwana wawo wa ku Joni akadali ndi mpweya wolankhulira, chifukwa pali za malire a munda zoti amusonyeze. Achimwene apempha tchuthi chachifupi, abwera mu Okutobala.

Koma ndili ndi funso lina, adokotala. Anandiphunzitsa kugwira pamkono kumva kugunda kwa mtima, ndipo usiku ndimawagwira akagona. Masiku apitawa ndamva kuti nthawi zina umagunda bwinobwino, kenako umadumpha kamodzi, kenako umapitiriza. Dzulo unadumpha kangapo pa mphindi imodzi. Iwo akuti sakumva kanthu, kupatula kuti miyendo imawakokana usiku. Furosemide anawaonjezera ulendo watha chifukwa cha kutupa. Tsiku lathu la kiliniki ndi mwezi wamawa. Tidikire, kapena tipite?

Wachipatala ku Mchinji

Musadikire mwezi wamawa, pitani sabata ino. Kugunda kwadongosolo kumene kumangodumpha apo ndi apo nthawi zambiri kumakhala kugunda koonjezera kobwera msanga, ndipo mwa odwala mapapo n'kofala. Koma kwayamba furosemide atangoonjezeredwa, ndipo miyendo ikukokana, choncho ndikukayikira potaziyamu. Mukafika nenani zinthu zitatuzi pamodzi monga mwandiuzira ine, ndipo pemphani ayeze potaziyamu ndi impso, ajambulenso ECG yokhala ndi mzere wautali wa II. Tengani pepala lakale lija, komanso mankhwala onse amene akumwa m'mapaketi ake, ngakhale ogula nokha. Musawasiyitse furosemide panokha, ndipo musawagulire mapiritsi a potaziyamu asanayezedwe magazi, chifukwa wochuluka ndi woopsanso.

Mukadzamva kuti kugundako kwasokonekeratu, kopanda dongosolo lililonse komanso kothamanga, kapena achita chizungulire, akomoka, pakamwa papindika kapena mkono wafooka, pezani galimoto nthawi yomweyo. Mudzatiuze zomwe apeze.